Bambo Micheal Nampinga, Woliza Belu la Pasukulu Pathu

Bambo Mfumu anapempha kuti wina wa m'gulu la achinyamata alembe za moyo wa malemu bambo Micheal Nampinga kuti zilowe m'kalata ya parishi ya mwezi uno. Anzanga analoza ine, ati poti ndangolemba kumene mayeso a Fomu 4 ndiye ndimangokhala. Sindinakane. Ndine Chikhulupiliro, mtsikana wa mu mphakati wa Yosefe Woyera. Zakalekale ndazimva kwa mwana wawo, mayi Jenifer. Zina ndinaziona ndekha. Zina ndinazichita ndine.

A Micheal anabadwa mu 1948 m'munsi mwa phiri la Michesi. Makolo awo anachokera ku Mozambique ali ana. Pakhomo pawo pankamveka Chilomwe chokhachokha, ndipo mpaka ukalamba iwo ankapereka moni wa "Mosheliwa?" ngakhale kwa ife amene sitidziwa kayankhidwe kake. Sukulu analekezera Sitandade 3 kuti azithandiza kumunda. Katekisimu anamuloweza pamtima, akuyenda wapansi mtunda wautali Loweruka lililonse, ndipo anabatizidwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ali mnyamata anakathyolako tiyi ku Mulanje. Kumeneko ndi kumene anagula jekete lotuwa la mabatani atatu, limene anavala tsiku lomanga ukwati ndi mayi Belita mu 1972.

Mulungu anawapatsa ana anayi. Awiri anamwalira ali akhanda. Napolo wa mu 1991 atatsika m'phiri, a Micheal anali panjira yopita kutchalitchi atavala jekete lija. Anabwerera akuthamanga, koma madzi anali atatenga kale nyumba, mayi Belita ndi mwana wotsiriza. Akufukula m'matope, mwala unagubuduka n'kuwaphwanya mwendo wamanzere. Chimene anachipeza ndi kolona ya akazi awo, itakodwa pa muzu. Mayi Jenifer akuti sanawamvepo bambo awo akumufunsa Mulungu chifukwa chake. Ankangoti, "Mwini wake watenga zake." Sanakwatirenso. Atachira anayamba kuyendera odwala a mu mphakati, akukoka mwendo uja.

Sekondale yathu yoyendera itatsegulidwa, anawalemba ntchito yosesa ndi kuliza belu. Belu lake ndi chitsulo cha gudumu la lole, chopachikidwa pa mtengo wa mango. Analiza zaka zoposa makumi awiri. Ikakwana 12 koloko ankavula chipewa, n'kumenya katatu, katatu, katatunso, kenako kasanu n'kanayi, kuitana pemphero la Mngelo wa Ambuye. Belu limeneli silinali pa ndandanda wa maphunziro. Anangoliyamba okha. Amayi ena m'minda ya nandolo akalimva ankaimika khasu n'kupemphera. Ena ankangodziwirapo kuti dzuwa lafika pamutu.

Tili Fomu 3, aphunzitsi anayambitsa nyumba ya malamulo ya ophunzira. Kunali aphungu, nduna, mbali yotsutsa, ndi Sipikala, mnyamata wa Fomu 4 dzina lake Jonathan, amene ankavala mkanjo wa kwaya ndi wigi ya thonje. Ndodo yaulemu inali mpini wa khasu wokulungidwa ndi pepala lonyezimira. Ine anandisankha kukhala phungu chifukwa ndinalibe mdani. Nthawi zambiri tinkakangana za zimbudzi ndi mpira, n'kuthera pomwepo. Koma tsiku lina kunabwera alendo kudzaonerera, ndipo ahedi analonjeza pamaso pawo kuti lamulo lililonse lidutse tsiku limenelo, sukulu ilitsatira. Nkhani inali yakuti a Micheal alandidwe belu, liperekedwe kwa pulifekiti wa wotchi, lizilira motsata ndandanda basi.

"A Sipikala," anatero phungu wina, "agogo aja wotchi yawo ndi mimba. Njala ikangowaluma, ngo! ngo! ngo!"

Holo yonse inaseka, ndi alendo omwe.

"Komanso, a Sipikala, pano si pamishoni. Tili a mipingo yosiyanasiyana pano."

"Bata! Bata!" anakuwa Jonathan, wigi itapendama. "Olemekezeka a Fomu 2, tsikani padesiki, simuli kumsika. Ovomereza akweze manja."

Ndinayang'ana kumanja, ndinayang'ana kumanzere, ndinakweza langa. A Micheal anali panja akusesa masamba. Zenera linali lotsegula.

Lolemba lake a Micheal anaipukuta nyundo yolizira belu ndi malaya awo asanaipereke kwa pulifekiti. "Usamamenye pakati, mwanawe, pamalira mogontha. Uzimenya m'mphepete." Kuyambira tsiku limenelo, 12 koloko ikakwana ankaima pomwe ali, kuvula chipewa, n'kumagogoda mtengo wa tsache ndi chala. Katatu, katatu, katatunso.

Potseka sukulu chaka chimenecho kalasi iliyonse inakonza sewero. Lathu linali lophunzitsa kusunga nthawi, ndipo munali gogo woliza belu mochedwa. Anyamata onse ankafuna kukhala mabwana. Wina anati, "Ugogowo mupatseni Chikhu, salankhula uyu, azingotsimphina basi." Sindinakane. Chinkasowa ndi jekete. Ndinapita kwa eni ake, a Micheal.

"Agogo, tikupempha jekete la pasewero."

"Ukhala ndani mmenemo?"

"Bambo wina wake."

"Bambo wabwino?"

"Eya."

M'mawa mwake anabwera nalo m'jumbo, litasitidwa.

Pasewero ndinatsimphina. Anthu anaseka. Ndinatsimphinanso kwambiri, n'kuyamba kuwonjezera mawu amene sitinakonze. Ndinakuwa "Mosheliwa!" ndi mawu onjenjemera, ndinavula chipewa, ndinagogoda tsache ndi chala. Ena anagwa m'mipando. Aka kanali koyamba anthu ochuluka chonchi kundiyang'ana, ine osachita mantha. Ndinamva kukoma. Ndiyenera kulemba zimenezi chifukwa n'zoona. Pamene tinkawerama pomaliza ndinawaona a Micheal ataima pakhomo la holo, chipewa m'khwapa, akuwomba m'manja pang'onopang'ono.

Ndinalephera kubweza jekete. Kunyumba ndinapeza kolona m'thumba lam'kati, yakale, yolumikiza ndi waya penapake. Ndinaibwezera momwemo, kupinda jekete, kuliika pansi penipeni m'sutikesi. Linakhala mmenemo chaka chathunthu. Ndikawaona pasukulu ndinkazungulira kuseri kwa labu. Sanafunse. Ku Misa ankabwera ndi malaya okha, ngakhale mu Juni chiperoni chikuwomba, ine ndikuwaona ndili kumbuyo. Kokalapa ndinkanena za kuyankha amayi mwamwano ndi kuiwala mapemphero. Za jekete ayi.

Tikulemba mayeso anasiya kubwera kuntchito. Lamulungu lina analengeza kuti a Nampinga alandira mafuta a odwala. Panjira amayi anga anati, "Mayi Jenifer asaka nyumba yonse. Akuti jekete la bambo awo likusowa, lomwe anawauza kuti adzawaveke powaika. Akawafunsa, akungoti lili pabwino."

Titafika ndinatsegula sutikesi.

A Micheal ndinawapeza atagona pamphasa pakhonde, dzuwa likuwawotcha miyendo. Pambali pawo panali timbale tiwiri, ndipo ankachotsa nandolo wouma m'kambale kena n'kuponya m'kanzake, mmodzimmodzi, milomo ikugwedera.

"Mosheliwa, a phungu," anatero.

Ndinagwada. "Agogo, ndabweretsa."

Jeketelo sanaliyang'ane n'komwe. Anapisa m'thumba lam'kati, natulutsa kolona, naigwira pachifuwa nthawi yaitali. Pamenepo ndi pomwe ndinazindikira ntchito ya timbale tija.

"Chaka chonsechi mumawerengera nandolo?"

"Nandolo kuno ndi wosasowa. Vuto lake nkhuku. Zandidyera ma Tikuoneni Maria ambiri."

Njira yonse ndinali nditakonza mawu. Anatuluka awiri okha. "Ndinalakwa, agogo."

"Unalakwadi. Mwendo wake ndi wamanzere. Iwe unkatsimphina wakumanja." Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. "Koma mawu uli nawo, mwanawe. Zaka zitatu ndinkayesa Mulungu anakumana mawu. Mawu ofika kumbuyo kwa holo angalephere kufika kumbuyo kwa tchalitchi? Uzikawerenga kutsogolo."

"Bwanji simunandifunse?"

"Ndikanafunsa, likanabwera jekete lokha."

Anamwalira patapita masiku anayi, masana, Bambo Mfumu atawapatsa Ukaristia m'mawa mwake. Mayi Jenifer akuti chala chawo chinkagogoda mphasa, kenako chinaleka, iwo n'kumayesa agona. Anaikidwa atavala jekete lija, mabatani onse atatu atamangidwa, kolona ya mayi Belita ili m'manja. Pa Misa ya maliro mawu oyamba ndinawerenga ndine. Amayi anga akuti anamveka mpaka panja. Za mwala ndi mwendo uja ndazimva posachedwa, pofunsa zoti ndilembe apa. Mayi Jenifer ankandiuza akusenda chinangwa, ine ndikulemba m'kope langa la Chichewa, masamba otsala akumbuyo. Sindinalire pamaliro, sindinalire tsiku limenelo. Sindinalirebe. Sindikudziwa chifukwa chake.

Lamulo lathu lija likadalipo pasukulu. A Fomu 1 a chaka chino sadziwa kuti panali belu lina.

Bambo Mfumu anati ndimalize ndi chitsanzo chimene malemuwa atisiyira. Sindidziwa kuchinena bwino. Ndikungodziwa kuti munthu wa zaka zawo anazizidwa Juni yense, n'kumalimbirana nandolo ndi nkhuku, kudikira kuti mtsikana amene anawanyoza abwere yekha. Dzina langa lili pa ndandanda wa owerenga, Lamulungu lachitatu la mwezi. Ambuye awapumitse pamodzi ndi mayi Belita ndi ana awo. Inu amene mwawerenga izi, 12 koloko ikakupezani kumunda, muwatchuleko. Belu silimveka, mungoyang'ana dzuwa.