Mizere ya Ernesto ku Degue

Mlamu wanga Ernesto anauzidwa ndi namwino kuti asiye kuganiza, ndipo anamvera. Munthu wina akanangovomera ndi mutu, kulandira mankhwala ake, n'kuiwala mawuwo asanatuluke pachipata. Ernesto ayi. Anali munthu womvera kuyambira kale, ndipo ndikulemba izi chifukwa anthu a ku Degue ayamba kale kuinena mokhota nkhani yake iye akadali moyo.

Anabadwira ku Tsangano, kumapiri kumene mwezi wa Junyu madzi a m'ndowa amaluma zala. Bambo ake ankalima kachewere, mbatata imene a m'tauni muno amati batata reno. Nkhondo itafika kumeneko anathawira ku Malawi, mbali ya Ntcheu, ndipo tinadziwana mumsasa wa othawa nkhondo, kumene ine ndinkaphunzitsa ana pansi pa mtengo. Kumeneko ndi kumene anakwatira mlongo wanga Felismina. Sindinkafuna. Anabwera kudzafunsira atavala malaya anga amene anabwereka kwa Felismina yemweyo, ndipo malayawo sindinawaonenso. Koma mkazi anamusunga bwino, zimenezo sindingakane.

Mtendere utabwera tinabwerera mu 1993. Kwawo anapeza mudzi uli thengo, ndipo m'minda anthu ankaopa kuponda chifukwa cha mabomba okwirira. Anatsikira kuno ku Tete, anaphunzira kuyendetsa galimoto, anamanga nyumba ya zipinda ziwiri ku Degue, analera ana awiri, Gelson ndi Yolanda. Zaka khumi ndi zisanu ankanyamula mbuzi, makala ndi nsomba zouma pa kagalimoto ka mwenye wina. Sindinamumvepo akudandaula mutu.

Kenako kunabwera malasha. Amene sanaone Tete wa masiku amenewo sangamvetse. Anthu anakhamukira kuno kuchokera ku Maputo, ku Beira, ku Zimbabwe, kutsidya kwa nyanja, aliyense ndi chisoti chake ndi nsapato zolemera. Eni nyumba ankasamukira m'makhitchini kuti alendo alowe m'zipinda zawo. Pamlatho wa Zambezi magalimoto ankandanda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ankatiuza pa wailesi kuti talemera. Ine ndinaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo chimene malasha anandipatsa ndi fumbi pa mabuku anga.

Ernesto anapeza ntchito pa kampani ina yonyamula katundu, kuyendetsa kamiyau, lole yaikulu, kuchokera ku Beira kupita kumigodi ya ku Moatize. Kontratu yake, pangano la ntchitoyo, inali ya miyezi itatu. Ikatha ankalemba ina ya miyezi itatu. Choncho tsiku lililonse ankadzuka ali munthu wotsala pang'ono kuchotsedwa ntchito. Anamupatsa telefoni, ndipo bwana ankaimba kufunsa chifukwa chimene wachedwera pamlatho, ngati kuti mlathowo anaumanga Ernesto. Pachipata cha kampani tsiku ndi tsiku pankaima anyamata okhala ndi mapepala, odziwa Chingelezi, kudikira kuti mdala wina alakwitse. Anayamba kumagwira kumbuyo kwa khosi polankhula. Anayamba kufunsa funso limodzi kawiri.

Tsiku lina mu 2012, ali pamndandanda wa pamlatho, anaona mdima masanasana. Anzake anamutsitsa, ndipo Felismina anapita naye kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo. Zimene zinalankhulidwa kumeneko ndinazimva kwa Felismina.

"Papa, tensau yanu yakwera kwambiri," anatero namwino atamuyeza kuthamanga kwa magazi pamkono. "Mumaganiza chiyani?"

"Kontratu, mwanangu."

"Kontratuyo idzakuikani m'manda. Siyani mchere, siyani kuganiza. Khalani moyo wosavuta."

Mtsikanayo ananena zimenezi akuitana kale wodwala wina. Sindikuti ananama. Ndikuti mawu otere sauzidwa kwa munthu ngati Ernesto popanda kumuuza kachitidwe kake.

Iye anachita monga ankakonzera galimoto asananyamuke, chimodzichimodzi. Anakabweza makiyi. Telefoni yake anapatsa Yolanda. Anachotsa mabatire mu wailesi n'kuwaika pamwamba pa khoma. Anauza Felismina kuti mitengo ya zinthu ya kumsika izithera kumsika konko. Kenako anabwera kwanga kudera la Samora Machel, wapansi, n'kukhala pampando osavula chipewa.

"Alamu, kuyambira lero musamandiuzenso za boma."

"Ndiye tizicheza za chiyani?"

"Za mvula."

"Ku Tete kuno? Ndiye kucheza kwathu kwatha, alamu."

Anaseka. Panali patapita nthawi ndisanamumve akuseka.

Kuseri kwa nyumba yawo kumakhala mai Madalena, Mnyungwe wamasiye, wobadwira m'mbali mwa Zambezi, amene ali ndi dimba kumtsinjeko. Anamudulira Ernesto kachigawo kuti azilima. Miyezi yoyambayo, ndivomere ngakhale sindikonda kuvomera, zinthu zinayenda. Ankapita kudimba m'mamawa, kuthandiza maiwo kupalira therere ndi khobwe, kubwerako dzuwa lisanakwiye, kugona pansi pa mtengo wa masau. Masaya anadzaza. Dzanja linasiya kupita kukhosi. Felismina anandiuza kuti namwino anamuyamikira. Akanangokhala wothandiza m'dimba la mwini, lero bwenzi ndilibe cholemba.

Koma Ernesto anadzifunsa funso. Anandiuza yekha. Anati anafufuza m'moyo wake wonse kuti apeze nthawi imene mutu wake unali wopanda kanthu, ndipo anaipeza ku Tsangano, ali mwana, akutsatira bambo ake m'mizere ya kachewere, chifunga chili m'mapiri. Anaganiza kuti ngati akufuna mtendere weniweni, ayenera kubwezera mizereyo. Anakwera shapa, minibasi ya kuno, kupita ku Tsangano ndipo anabwerako ndi thumba la mbewu.

Apa ndifotokoze, popeza ana a masiku ano amayesa chakudya chimamera m'sitolo. Kwathu kumapiri timaunga mizere italiitali chifukwa mvula ndi yambiri ndipo nthaka ndi yozizira. Mzere umakweza mbewu kuti isaole m'madzi. Mwana wa kumapiri athu a Angónia amadziwa kuunga mzere asanadziwe kulemba dzina lake, ndipo munda wopanda mizere amauona ngati munthu wosasamba. Kuno kuchigwa n'zosiyana. Anyungwe amadikira madzi a mtsinje abwerere, n'kukumba dzenje mpaka dzanja lipeze chinyontho, n'kuika mbewu pansi pamenepo, pobisika. Mzere ku Tete ndi uvuni.

Mai Madalena anamupeza ataunga kale mizere isanu ndi umodzi, yowongoka ngati wagwiritsa chingwe.

"A Ernesto, manda awa ndi a ndani?"

"Ndi mizere, mai."

"Ife mbewu timaibisa kuti dzuwa lisaione. Inu mwaimangira nsanja kuti ipatsane nalo moni?"

"Munda wopanda mizere si munda, mai Madalena. Ndi bwalo la nkhuku."

"Chabwino. Nkhuku zanga zimadya. Tiona zanu."

Anabzala mu Mayu 2013. Kachewere anamera, ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka mlamu wanga, chifukwa akanakana kumera nkhani ikanathera pomwepo. Masamba anafika m'katumba, obiriwira, ndipo Ernesto ankaitana anthu odutsa kuti adzaone. Kutentha kutayamba kubwerera, masamba anagwa mphwayi, kenako anapsa m'mbali. Pokumba anapeza timbatata tonga masau, tina tofewa ngati taphikidwa kale. Felismina anatiphika ndithu, kuti asamukhumudwitse. Sitinadzaze mbale.

Iye anati vuto ndi mbewu. Chaka chotsatira anapitanso ku Tsangano, kwa msuweni wake wina, kukasankha yekha imodziimodzi. Anaunga mizere khumi ndi iwiri, italiitali kuposa yoyamba. Itayamba kufota anati vuto ndi madzi. Anapeza zigubu ziwiri n'kuyamba kutunga mumtsinje, kukwera nazo gombe, kuthira pamwamba pa mzere. Madzi ankatsetsereka n'kukaima m'makwawa a pakati pa mizere, mzere n'kuuma iye asanafike kumapeto kwake. Ankabwereranso kumtsinje. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, wa tensau, amene anasiya ntchito kuti apumule.

Maganizo anabwerera onse, ndipo anabwera ndi anzawo. Ankadya akuyang'ana kumwamba. Pakati pa nkhani ankangoima, n'kunyamuka kupita kudimba masana kukapisa dzanja mumzere kuti amve kutentha kwake. Dzanja lija linabwerera kukhosi. Wailesi inali chete, telefoni kunalibe, mchere kunalibe, koma m'mutu mwake munali kamiyau yodzaza.

Felismina anandituma kuti ndikalankhule naye, ndipo ndinapita. Ndinamupeza akukwera gombe ndi zigubu.

"Alamu, munasiya kontratu ya azungu, mwalemba ina ndi dzuwa. Ameneyu ndiye bwana wosamva."

"Chaka chino zitheka. Zangochedwa madzi."

Ndinamufotokozera zonse. Ndinamuuza za kutalika kwa Tsangano pamwamba pa nyanja ndi kutsika kwa Tete, za kutentha kumene kachewere amalekera kubereka, ndinajambula ndi kamtengo pansi. Ndinalankhula bwino, mwina motalika. Iye anamvetsera mpaka kumapeto, anapukuta thukuta, n'kunena pamaso pa mai Madalena:

"Alamu, inu chimene munalimapo ndi choko basi."

Maiwo anaseka mpaka kukhala pansi. Ine ndinatenga chipewa changa n'kubwerera kwathu. Felismina anatumiza Yolanda kawiri kudzandipempha kuti ndipitenso, poti mwamuna wake ankandimvera ine kuposa wina aliyense. Ndinayankha kuti ayambe wabwera kudzapepesa. Ndinadikira miyezi iwiri. Ndikulemba zimenezi kuti wina asadzandiuze ngati wanditulukira.

Kachewere wachiwiriyo atafa, Ernesto sanadikire nyengo yozizira. Anabzala mbewu yotsala mu Setembru, nthawi imene ngakhale mbuzi zimabisala. Tsiku lina mu Otubru, dzuwa lili pamutu, mai Madalena anamupeza atagwa pakati pa mizere, chigubu chili chogubuduka pambali pake, madzi atamunyowetsa malaya. Anakuwa. Amuna awiri otunga mchenga anamunyamula mpaka kumsewu. Magalimoto oyera atatu a anthu a zisoti anadutsa osaima. Inaima ndi shapa yodzaza kale, ndipo anthu anatsika kuti iye agone.

Sanafe. Inafa ndi mbali ya kumanja, kuyambira patsaya mpaka kuphazi, ndipo mawu anapita onse kupatula amodzi, "eya." Ukamufunsa ngati akufuna madzi amati eya. Ukamufunsa ngati akumva kuwawa amati eya. Ndinamufunsa, tili awiri, ngati akadandisungira mkwiyo, ndipo anati eya, ndiye sindidziwa.

Tsopano papita chaka ndi miyezi. Malasha akuti atsika mtengo kunja. Alendo aja ayamba kupakira, eni nyumba akubwerera m'zipinda zawo n'kupeza zitseko zothyoka. Kampani ija inatseka, ndipo anyamata a mapepala aja akugulitsa zingwe za telefoni pamsika. Gelson anapita ku Nacala kukafuna ntchito ndipo saimba kawirikawiri. Ernesto amakhala pamphasa pakhonde, atatsamira khoma. Azimayi a kutchalitchi akabwera amamuyang'ana n'kuuza Felismina kuti, "Komabe apumula, mwamuna wanu. Onani nkhope ili phee. Saganizanso kanthu." Ngakhale namwino uja, atakumana ndi Felismina, akuti ananena zofanana.

Limenelo ndi bodza, ndipo ndi limene landilembetsa. Anthuwo amayang'ana nkhope, imene theka lake ndi lakufa. Sayang'ana dzanja lamanzere. Dzanjalo limatuluka pamphasa n'kuyamba kukokera fumbi la pakhonde, pang'onopang'ono, ndi m'mphepete mwa chikhatho. Limaunga kamzere. Likamaliza limayeza mpata ndi zala zinayi n'kuyamba kena. Pofika madzulo pamakhala timizere tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, towongoka. Felismina amasesa m'mawa, iye n'kuyambiranso. Tsiku lina nkhuku inapalasa kamzere kamodzi, ndipo phokoso limene linatuluka pakhosi pa Ernesto sindifuna kulimvanso.

Kudimba kuja mai Madalena sanagumule mizere. Anangobzala khobwe m'makwawa, mmene munkathera madzi onse amene Ernesto ankakwera nawo gombe, ndipo khobweyo wachita bwino kuposa wa m'dimba lawo lomwe. Amabweretsa chitambe kawiri pa sabata. Felismina amaphika wopanda mchere n'kumudyetsa ndi supuni, ndipo tinagwirizana kuti tisamuuze kumene chimachokera.

Ine ndimapita masana alionse, wapansi, chifukwa mashapa a ku Degue amadzaza ngati kale. Ndimakhala pampando womwe unali wake. Za boma sindimuuza, ngakhale ndili nazo zambiri. Ndimamuuza za mvula, monga anandipempha, kuti kwachita mitambo cha ku Moatize, kuti mwina sabata yamawa. Iye amati eya, osandiyang'ana, dzanja lili m'fumbi.