Madzi Otayika a Pampu Yakale

Ndikadali nako kachitsulo kobulungira kamene kankatseka madzi m'pampu yakale ya pafamu ya fodya kufupi ndi Sinda, kumene amalume ankagwira ntchito. Kanachita dzimbiri kalekale, koma ndikakagwira ndimamvabe kugunda kwake: gu, gu, gu, usana wonse.

Pampuyo inalibe injini. Madzi ankatsika mwaliwiro m'paipi kuchokera padamu, kachitsuloko n'kutseka mwadzidzidzi. Posowa kopita, ena ankakankhidwira m'kapaipi kokwera chitunda mpaka kuthanki ya mwini famu. Amalume ankati, “Madzi ali ngati ng'ombe pachipata, ukawapanikiza amalumpha.” Koma olumphawo anali ochepa. Ambiri ankatayikira pansi, n'kutsata kangalande kolowa m'dimba la amayi. Mpiru, tomato ndi chimanga chachiwisi zimene zinkatisunga chilimwe chonse zinkamwa madzi amenewo. Bambo anali kumigodi, ndipo dzina lawo linkamveka m'mapemphero mokha.

Chilimwe chimene ndikunenachi, mwini famu anakulitsa nazale ya fodya, madzi n'kuchepa kumtunda. Ndiye anabweretsa pampu ya injini. Inkanunkha dizilo, inkayamwa padamu pomwepo n'kukankha madzi mwamphamvu moti mipope ya kunazale inkachita kulavula. Siinkataya ngakhale dontho. Tsiku limene inalira koyamba, ife ana tinavina mozungulira kanyumba kake mpaka fumbi koboo. Ndikakumbukira kuvina kumeneko thupi limandilemera.

Kangalande kaja kanauma, matope ake n'kung'ambika. Amayi anayamba kusenza madzi m'chidebe kuchokera pachithaphwi chakutali kumunsi, m'mawa ndi madzulo, nkhata itanyowa, miyendo itatuwa. Dimba silikhuta ndi chidebe. Unayamba kufota ndi mpiru, chimanga n'kupinda masamba. Amalume anayesa kumasula pang'ono polumikizira paipi kuti pazidontha, koma kapitawo wa pafamupo anamangapo tsiku lomwelo.

“Mlongo wanga, ndalephera,” anatero amalume madzulo ake.

“Mwayesetsa, achimwene,” anayankha amayi, osatukula mutu.

Tsiku limene amayi ankazula mapesi ouma kuti apatse mbuzi, amalume anamasula pampu yakale n'kundipatsa kachitsuloko kuti ndiziseweretsa. Ndinathamangira kudimba kukawaonetsa amayi. Ndinawauza monyadira kuti yatsopano ndi yanzeru, siitaya madzi ngati yakale ija.

Amayi anandiyang'ana, mapesi ali m'manja.

“Inde mwanangu,” anatero, “siitaya.”

Ine ndinkayesa akuiyamikira.