Madzi a Batire M'botolo la Thobwa

Zinayamba ndi timabowo pa diresi la mwana wanga wamkazi. Ndikuchapa, nsalu inkangoyoyoka m'manja, ngati yagweredwa ndi moto. Makoswe sadya choncho. Nditafunsa bambo ake, anati, "Munagula kaunjika wotha, ndiye mukufunsa ine?"

Lamlungu masana amuna anga ankatenga ana onse awiri kukayendera magalaja a anzawo okonda magalimoto muno mu Machinjiri. Iwo galimoto alibe. Ali ndi chiwongolero chokha, chimakhala pansi pa bedi kudikira thupi lake.

Lamlungu lotsatira ndinawatsatira.

Galaja yoyamba inali kuseri kwa nyumba ya bambo wina wopuma ntchito. Chiphapha cha galimoto chili pa njerwa, matayala kulibe, nkhuku ikufungatira mazira pampando wa dalaivala. Azibambo anaizungulira manja kumbuyo ngati afika pa siwa.

"Iyi ikadzuka, alamu, Zomba ndi pafupi ngati kuchimbudzi," anandiuza mwiniwake.

Ndinati zikomo, idzuke ndithu. Maso anga anali pa njerwa zija, chifukwa mwana wanga wamng'ono, wamwamuna, anali atalowetsa kale mutu kunsi. Ndinamukoka mwendo.

Ku galaja yachiwiri analiza injini yopanda galimoto. Utsi thoo, onse kuwomba m'manja, wina mpaka kuvula chipewa. Ku yachitatu kunali mabatire ndandanda pakhonde, ndipo pambali pake panali mabotolo. Ndinawazindikira. Anali anga, omwe ndimagulitsiramo thobwa, amene ndinkangoti ana akutaya. Amuna anga ankawapereka kwa anzawo, munthu wopatsa kwambiri. Tsopano munali zinthu zoyera mbee ngati madzi akumwa.

Dzuwa linali likuswa mtengo. Azibambo onse mitu inali mu boneti, matako kumwamba. Nditatembenuka, wamng'ono uja ali ndi botolo m'manja, akulimbana ndi chitsekerero ndi mano. Amawadziwa mabotolo a mayi ake, amadziwa kuti mumakhala zotsekemera. Sindikudziwa kuti ndinadumpha bwanji. Ndinalimenya, linagwa, linatayika, simenti n'kuyamba kuchita thovu. Apo ndinadziwa chimene chinkadya diresi lija.

"Aaa, madamu, mwatitayira asidi!" anadandaula mwini khonde. "Ameneyu ngovuta kupeza."

Amuna anga anachita manyazi chifukwa cha ine. "Mayi a ana, musatiyalutse. Ana amadziwa kuti izi sitigwira."

Eya, amadziwa. Mwana woti nsapato amavalabe mopingasa ndiye adziwe asidi.

Ndinamunyamula mwanayo. Ndinamutsuka pakamwa ndi m'manja pa mpopi wa eni nyumba mpaka analira, ndinamununkhiza, ndinamuyang'ana lilime. Kenako ndinamubereka, wamkulu ndinamugwira dzanja, ulendo.

Kuyambira pamenepo, Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi sitifikira kunyumba. Timakwera minibasi mpaka pa Kameza, ana amakhala nane pamene ndikugulitsa. Wamng'onoyo akayamba kuyendayenda ndimamumanga kumbuyo ndi chitenje, miyendo ikundimenya m'mawondo. Amayi anzanga amaseka, ati ndabereka nkhalamba. Asekedi. Ndimalimbitsa mfundo.