Diso Lakumanzere la Chipupa

Ankamutchula Chipupa chifukwa pa zaka zonse zomwe anamenya nkhonya sanagwepo chagada. Lamba waukatswiri sanawinepo, ndipo sankabisa. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo; yake inali kupirira. Msinkhu utapita, ntchito yake inasanduka yoima m'zingwe kuti anyamata aphunzirirepo kumenya munthu, poti thumba la mchenga silibwezera. Jimu yomwe ankaphunziriramo nkhonya inali m'chipinda chakale chosungiramo katundu, kuseri kwa galaja, monunkha thukuta ndi oilo. Kunja kwa chipinda chimenecho Chipupa sankadziwa ntchito ina iliyonse.

Vuto linali diso lakumanzere. Linayamba ndi chifunga, kenako linazimiratu, koma poliyang'ana linali bwinobwino ngati linzake. Ankadziwa ndi mkazi wake yekha. "Bambo a mwana, linalo likatha ndizidzakukokani ndi ndodo ine?" ankatero pomuthowa nkhope ndi madzi otentha. Iye ankangoti, "Thowa, ulaliki usiye." Lamulo la kochi ankalidziwa: wa diso limodzi salowa m'zingwe. Choncho anaphunzira kupendeketsa mutu ndi kuzungulira mochenjera kuti mnzake asamuimire kumdimako.

Kenako kunabwera mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, chimunthu chodzaza chitseko koma ndevu zisanamere. Anzake anamupatsa dzina loti Kamwana. Aliyense ankati ameneyu adzafika patali. Ulemu ndiye anali nawo wochititsa manyazi.

"Akulu, musandiphe," anatero tsiku loyamba akugundanitsa magolovesi.

"Ndikuphe ndikakuike m'bokosi lanji? Kweza manja."

Raundi yoyamba Chipupa anamuonetsa ukulu: kumugogoda pamphuno, kumupanikiza pakona, kumupondako phazi kochi akayang'ana kumbali. Yachiwiri, dzanja lamanja la Kamwana linatulukira kumdima kuja. Chipupa sanalione, anangomva mano akugundana ndi magazi mkamwa. Linabweranso, pomwepo. Kachitatu anatsamira zingwe. Anaseka monga mwa chizolowezi chake, koma mumtima munalowa mantha. Ankangolakalaka chimodzi, kuti mwanayo apitirize kumenya. Kumenyedwa ndiyo inali ntchito yake, ndipo palibe akanadabwa nazo.

Koma Kamwana anabwerera m'mbuyo n'kumuyang'anitsitsa. Anagwedeza golovesi pang'ono chakumanzere kwa nkhope ya mkuluyo, ndipo Chipupa sanaphethire n'komwe. Kuyambira pamenepo Kamwana dzanja lamanja analipinda pachibwano ngati lathyoka. Ankangogogoda ndi lamanzere, mbali yomwe Chipupa ankaona.

Atagwirana pazingwe, Chipupa anamunong'oneza. "Menya, iwe. Ponya lamanjalo."

"Sindingathe, akulu."

"Chonde mwana wanga, menya!"

Kochi anaimba belu nthawi isanakwane. "Kamwana! Dzanja limenelo ukusungira ukwati? Mpata uli poyera, bwanji sukuponya?"

Mnyamatayo anazolika. Akanakhala wokhwima pamasewerawa akanati phewa likuwawa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma bodza anali asanaliphunzire.

"Akochi, akuluwa mbali iyi sakuona. Ndingawapweteke."

Ngakhale wolumpha chingwe anasiya. Kochi analowa m'zingwe, anaphimba diso lakumanja la Chipupa ndi chikhato, n'kufunsa kuti wakweza zala zingati. Chipupa anati ziwiri. Kochi anali asanakweze chala chilichonse.

Anamuvula magolovesi yekha, pang'onopang'ono, osamuyang'ana kumaso. "Achimwene, linalo likanatha, ana anu ndikanawauza chiyani?" Anawapachika pamsomali wapamwamba, pomwe pamakhala zinthu zosagwiranso ntchito.

Kamwana anatsatira Chipupa mpaka pakhomo, misozi ili chuchuchu. "Pepani akulu, ine ndimati ndikuthandizeni." Chipupa anamva mawuwo koma mwini wake sanamuone, poti anaima kumanzere. Sanatembenuke. Chomwe chinamuwawa n'choti analibe womukwiyira. Zigawenga zomenya ndi mutu ndi zigongono zinalephera kumuchotsa m'zingwe, lero wachotsedwa ndi mwana waulemu.

Anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo. Mkazi wake anali atatereka kale madzi othowera, kansalu kali paphewa.

"Mwafulumira bwanji lero? Khalani apa, atentha pompano."

Chipupa anakhala pampando, n'kuyang'ana poto wa madziwo.

"Phula," anatero. "Uzisambitsira ana."