Nkhwani wa Mwaye

Apongozi anga aakazi atafika ku Durban kudzaoda katundu, tonse tinkadziwa kuti katunduyo n'chonamizira chabe. Anabwera kudzaona ngati mdzukulu wawo, mwana wathu wamkazi, azikhalabe nafe kuno kapena apite naye kumudzi. Ine n'kuti nditalumbira kale pafoni kuti tikukhala bwino, mpaka dimba ndili nalo. Pakamwa panga mpotero, sipadikira mwini wake.

Dimbalo linali kamalo kuseri kwa chipinda chomwe tinkachita lendi ku Isipingo, kufupi ndi mafakitale. Ntchito yanga ndi ya m'gadeni, ndipo maluwa a abwana ku Amanzimtoti amandimvera. Koma kwangako nkhwani ankapsa m'mphepete, mpiru n'kuchita mawanga achikasu, tomato n'kumangoyoyola maluwa. Ndinkawaza phulusa ngati kwathu, ati kupha nsabwe. Kuwaza phulusa pa masamba amene akufa kale ndi utsi! Mphepo ikachokera kumachumuni, ndi fungo lake la mazira owola lija, kunkacha masamba onse ali mwaye wokhawokha. Ndinkaziona, koma ndinkanamizira nthaka ya mchenga.

Tsiku lofika apongoziwo ndinalawirira kupukuta masambawo ndi kansanza konyowa, limodzilimodzi, munthu wamkulu ndi ndevu zanga. Kutacha mawa lake, mwaye unali utabwerera.

Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, ndiye iwo atatuluka ndi mkazi wanga kukaona dimba lotchukalo, ine ndinaima kumbali kwa khoma. Anawerama, n'kupititsa chala pa tsamba la nkhwani, chalacho n'kuda bii. M'chipindamo mwana anayamba kutsokomola, chifuwa chomwe ine ndinkati n'cha nyengo.

Apongoziwo sanayankhule ndi ine. Anauza mkazi wangayo, mokweza ndithu kuti ndimve.

"Uwauze bambo a mwanayu kuti dimba ndaliona. Ndiwo timatsuka tisanaphike. Tawafunse, m'chifuwa mwa mwanamu atsukamo ndi chiyani?"

Manyazi amene anandigwira pakhomapo sindinawamvepo chibadwire, bola akanangondikalipira. Ndinali nditakonza mayankho onse, a sukulu, a chakudya, ngakhale a kothawira tsiku limene eni dziko adzayambenso kuthamangitsa alendo. Koma funso limenelo sindinaliganizirepo.

Tsiku lonyamuka ndinawasenzera katundu wawo mpaka kubasi. Kachikwama ka mwana ndinakanyamulanso ndine.