Manda a Esinati

Chaka chimene njovu zinatha chimanga changa chonse ku Mnkhanya, ndinati basi. Ndinakwera minibasi pa Jumbe, ulendo wa ku Kitwe. Kumeneko ndinkalondera geti la sitolo. Malipiro anali ochepa. Ndinkagona m'kachipinda kopanda windo, kudya ndekha ngati mfiti. Zotsala ndinkatumiza kwa mlongo wanga Esinati.

Esinati anali ndi ana asanu ndi awiri. Anamwino anamuuza kuti thupi latopa, aleke. Iye anafuna kuleka. Mwamuna wake Bonifasi anakana. Pa foni anandiuza akuseka kuti, "Alamu, munda sukana mbewu." Abale athu anamuwombera m'manja, ati mbumba ikule.

Mimba yotsatira inamuphera pa ngolo, mvula itadula msewu wa kuchipatala. Uthenga unandipeza ataikidwa kale. Ati maliro anali aakulu, makwaya anaimba, ndipo onse ananena kuti wafa ngati mkazi weniweni. Ndinazima foni.

Ndinabwerera kwathu mawondo atayamba kukana. Ndisanamasule n'chikwama chomwe, mlandu unali utandidikira. Tisa, mwana woyamba wa Esinati, amene analera ang'ono ake onse, amaphika pa loji ya alendo ku Kakumbi. Ananena poyera kuti sadzabereka. Sikuti sangathe. Safuna. Akazi anzake amaitanidwa amake uje, iye amangomutchula dzina ngati kamwana.

Abale anadzaza khonde langa, Bonifasi patsogolo, tsopano ali ndi mkazi wina, nayenso ali ndi mimba yakeyake.

"Inu ndinu amalume ake, mwini mbumba," anatero. "Mulamuleni. Mkazi wosabereka adzakumbukiridwa ndi ndani? Atengere amayi ake. Esinati timamulemekeza mpaka lero."

Tisa ankadziwa kuti ndikagamula, asiye ntchito akwatiwe, kapena asapondenso pamudzi.

Ndinati, "Chabwino. Koma sindinalire mlongo wanga. Ndionetseni kaye pamene anagona."

Tinapita kumanda tonse. Udzu unali wofika m'chiuno. Bonifasi analoza mtumbira wina.

"Iyayi, amenewo ndi a agogo," anatero msuweni wanga. "Esinati ali kufupi ndi mtengo uja."

"Uti?"

Anakangana ngati ogula mbuzi. Amuna a imvi, olemekeza Esinati mpaka lero!

Tisa anawadutsa. Anakaima pa mtumbira umodzi wolambulidwa bwino, wozunguliridwa ndi miyala.

"Amalume, ndi pano."

Ndinavula chipewa. Nditamaliza kulira ndinatembenuka.

"Bonifasi, unafunsa kuti adzakumbukiridwa ndi ndani. Iwe mkazi wako anabereka, koma manda ake akusowa. Mlandu watha. Tisa, mawa ubwerere ku ntchito."

Ku Kitwe ndinkadzitama kuti kwathu timalemekeza amayi. Bodza. Timalemekeza mimba. Mwini wake akagona pansi, timamusiyira udzu.