Tsiku Limene a Jaji Anakhala Amalume Anga

Ndili pa yunivesite ku Selly Oak, kutsidya kwa nyanja, ndinkauza anzanga akutchalitchi kuti jaji wina wa khoti la Supreme ku Malawi ndi amalume anga. Zoona zake n'zakuti tinkangochokera boma limodzi, ku Ntcheu.

Lamulungu lina ajajiwo anatulukira kutchalitchi kwathu, atabwera kudzaona mwana wawo, nesi wa m'tauni yapafupi ya Dudley. Mayi Phiri a kwaya anandikoka dzanja mpaka pamaso pawo.

"Bwana, mwana wa mlongo wanu uja ndi uyu!"

Bambowo anandiyang'ana nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno.

"Wakulatu," anatero. "Achemwali ali bwanji?"

"Ali bwino, amalume," ndinayankha.

Munthu amene anakalamba akugwira abodza, tsiku limenelo ananama kuti andibisire manyazi. Mpaka lero ndimawapempherera ngati amalume enieni.